Phunziro la Mwezi Uno: Za Garu, Mphaka ndi Nkhunda Zokhala Nafe Pakhomo



Mwezi uno tiphunzira za zinthu zimene ambiri a ife tiziyesa zachabe, ndizo garu, mphaka ndi nkhunda zokhala nafe pakhomo. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku tizilemekeza, pakuti ziri ndi mtengo wache pa msika; tikasowa feteleza kapena ndalama za sukulu ya mwana, tikoka mbuzi kunka nayo kwa ogula. Koma garu sitimweta kuti tipate naye ndalama, ndipo mphaka sitimweta chifukwa cha ndiwo. Potero munthu afunsa, Nanga phindu lao nchiani? Ena ayankha kuti garu ndiye mlonda, ndi mphaka ndiye wogwira makoswe. Ndipo ayankha bwino. Komatu liripo phindu lina losaoneka msanga, ndilo la pa thupi ndi pa mtima wa mwini chiwetocho. Ndifuna kuti tilisanthule pamodzi, pakuti mwa kusalidziwa talakwira ziweto, ndipo talakwiranso anthu anzathu.

1. Chimene ndinaona kunsi kwa phiri

Kunsi kwa phiri la Chiradzulu, m'mudzi wina wosatalikira ndi pa Boma, munali agogo ena amasiye, amene dzina lao sindilitchula. Amuna ao ndi ana ao awiri anamwalira m'zaka zija za maliro a tsiku ndi tsiku, madotolo a Médecins Sans Frontières asanayambe kupereka mankhwala otalikitsa moyo pa chipatala cha Boma lathu m'chaka cha 2001. Mwana wao wotsala anapita ku Johannesburg kukafuna ntchito, nakhala wotumiza mau kamodzikamodzi. Agogowo anatsala ndi kagaru kofiirira ka makutu oimirira, monga ali agaru a kwathu kuno, ndipo anakatcha dzina lakuti Ndatsala. Analinso ndi mphaka wakuda wogona pa nkhokwe.

M'mamawa garuyo anali kukanda pa chitseko, ndipo iwo anadzuka, nasonkha moto, natenthetsa mkute, nagawana naye. Popita kudimba anatsagana, pobwera anatsagana. Madzulo anakhala pakhonde nalankhula naye monga munthu alankhula ndi mdzukulu wache, namuuza za mvula, za nandolo, ndi za iwo amene anagona kumanda.

Tsono m'mudzimo munadwala mwana, ndipo anthu anayamba kunong'onezana kuti, Nkhalamba yolankhula ndi garu, yosunga mphaka wakuda, siiri bwino. Usiku wina anyamata anamponya miyala garuyo kufikira anafa. Ndinapita kukawaona patapita milungu iwiri, ndipo ndinawapeza ali gone m'nyumba dzuwa liri pamutu, moto wosasonkha, dimba litauma. Ndinati, Agogo, kodi mwadwala? Iwo anati, Iai aphunzitsi, m'thupi mulibe kanthu; koma ndidzukirenji tsopano? Wondidzutsa uja anamupha.

Mau awa sanandichoke mumtima. Anyamata aja anayesa kuti apha garu chabe, koma analanda munthu chifukwa chache chodzukira m'mamawa. Mathero a nkhaniyi ndiwanena kumapeto. Poyamba tione ngati chimene chinagwera agogowo chiri chachilendo kapena chodziwika kwa anthu a mitundu yonse.

2. Ubwenzi uwu ngwakale lomwe

Mwa zamoyo zonse zimene munthu anaziweta, garu ndiye woyamba; anakhala pa moto wa munthu anthu asanadziwe kulima, ng'ombe ndi mbuzi zikali zakuthengo. M'chaka cha 1914, pa malo otchedwa Oberkassel, pafupi ndi mzinda wa Bonn ku Germany, okumba miyala anapeza manda a zaka ngati 14,000, ndipo m'mandamo munagona mwamuna, mkazi ndi kagaru. Akatswiri atapenda mano a kagaruko m'chaka cha 2018, anapeza kuti kanadwala nthenda yoopsa kali kakang'ono, nikakhala moyo milungu yambiri kali chidwalire. Garu wodwala motero sasaka, salonda, sathandiza kanthu. Akadafa msanga pakadapanda munthu womfunditsa, womwetsa madzi ndi womtsuka. Anthu akale aja anamsamala chifukwa cha chifundo chokha. Ndiponso pa chisumbu cha Cyprus anapeza manda a zaka ngati 9,500, m'mene mphaka anaikidwa pambali pa munthu.

Makolo athu naonso anadziwa ichi. Mlenje popita ku uzimba sanaiwala kupatsa garu wache gawo la nyama. Agaru anaingitsa anyani ndi nguluwe m'minda, nachenjeza mudzi pofika fisi wa kuphiri. Anapatsidwa maina, ndipo kawirikawiri dzina la garu linanyamula mau amene mwini sanathe kuwanena poyera kwa anansi ache. Poitana garu madzulo, anali kutula za kukhosi mudzi wonse uli kumva. Ndipo akulu atiuza kuti garu wamkota sakandira pachabe. Mwambi wotere sukadabadwa pakati pa anthu osayang'anitsa makhalidwe a garu. Za nkhunda, ndinamva akulu a kwathu alinkunena kuti sizikhalitsa pa nyumba ya ndewu. Potero khola lodzala nkhunda linali ulemu wa banja.

Inu owerenga Buku Lopatulika mukumbukira fanizo limene mneneri Natani anaphera mfumu Davide, la munthu wosauka wokhala ndi kankhosa kamodzi kokha, kamene anakalera m'nyumba pamodzi ndi ana ache; ndipo mwini chuma anakalanda nakaphera mlendo. Davide pakumva anapsa mtima kwambiri. Fanizolo likadakhala lopanda mphamvu mfumu ikadapanda kudziwa kuti chiweto chotere chiposa mtengo wache wa pa msika.

3. Phindu la pa thupi

Tsopano timve zimene anapeza madotolo, amene sakhulupirira chinthu asanachiwerenge ndi kuchiyesa.

M'chaka cha 1980, mai wophunzira wa ku America, Erika Friedmann, ndi anzache analemba za anthu 92 amene anagonekedwa m'chipatala ndi nthenda ya mtima. Chitatha chaka chimodzi anawalondola onse. Mwa anthu 53 okhala ndi chiweto pakhomo anamwalira 3. Mwa anthu 39 opanda chiweto anamwalira 11. Chiwerengero ichi chinali chaching'ono, koma chinadzutsa ena kuti afunefune.

Ku Sweden, kumene boma lilemba m'kaundula anthu ndi agaru omwe, ophunzira a pa sukulu yaikulu ya Uppsala, Mwenya Mubanga ndi Tove Fall pamodzi ndi anzao, analondola anthu 3.4 miliyoni, a zaka za pakati pa 40 ndi 80, kwa nthawi yofikira zaka 12. M'chaka cha 2017 analengeza kuti eni agaru sanali kufa msanga monga anzao. Ndipo kusiyanaku kunakula koposa pa anthu okhala okha m'nyumba, pakuti pa iwo ngozi ya imfa m'zaka zimenezo inachepa ndi gawo limodzi la magawo atatu. Taonani, abale, wopindula koposa ndiye wotsala yekha, monga agogo athu aja.

Nanga ichi chichitika bwanji? Njira yoyamba ndiyo kuyenda. Munthu wokhala ndi garu atuluka, ayenda, awerama, adzuka pa nthawi yache. Ndipo kuyenda kulimbitsa mtima ndi miyendo. Kwa mlimi wamphamvu wogwira khasu tsiku lonse ichi sichionjezera kanthu. Koma kwa wokalamba, kwa wochira ku nthenda, ndi kwa wopuma pa ntchito wongokhala pa mpando, chiri chachikulu.

Njira yachiwiri iri m'mwazi. Ku Pretoria m'dziko la South Africa, Johannes Odendaal ndi mnzache Meintjes anayesa anthu 18 ndi agaru 18, nalemba zotsatira m'chaka cha 2003. Munthu anakhala pansi nasisita garu ndi kulankhula naye mofatsa mphindi zowerengeka. Ndipo anapeza kuti kuthamanga kwa mwazi kunatsika mwa onse awiri. Anapezanso kuti m'mwazi wa munthu ndi wa garu yemwe munachuluka chinthu chotchedwa oxytocin, chimene thupi lichipanga lokha, chomwecho chimene chichuluka mwa mai poyamwitsa khanda lache, nichimangiriza mtima wache kwa mwanayo. Ndipo mwa anthuwo munachepa chinthu china chotchedwa cortisol, chimene chichuluka munthu akakhala ndi mantha ndi nkhawa. M'chaka cha 2015 ophunzira a ku Japan, pa sukulu ya Azabu, anaonetsa kuti ngakhale kuyang'anana m'maso kokha kwa garu ndi mbuye wache kuchulukitsa oxytocin mwa onse awiri.

Nkhani iyi itikhudza ife, pakuti pamene a zaumoyo anayesa anthu m'dziko lathu la Malawi m'chaka cha 2009, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akulu atatu ali yense anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa mwazi, ndipo ochuluka a iwo sanadziwa. Siiri nthenda ya Azungu okha, kapena ya a m'tauni okha.

4. Phindu la pa mtima

Chisoni ndi kusungulumwa ziri nthenda zoona, zingakhale sizioneka pa khungu. Munthu wogwidwa nazo aleka kudya, aleka kusamba, asowa tulo, ndipo nthenda zina zimpeza wofoka.

Pano chiweto chithandiza m'njira zitatu. Choyamba, chipatsa munthu ntchito yosalekeka. Wamasiye angathe kunena mumtima, Lero sindiphika, pakuti ndiri ndekha. Koma pakakhala pakamwa pena poyembekeza, asonkha moto, ndipo atasonkha adya iyenso. Chachiwiri, chiweto sichiweruza. Garu safunsa ngati uli ndi nthenda yanji, ngati umwa mankhwala anji m'mamawa, ngati unabala ana kapena iai; akulandira lero monga anakulandira dzulo, ungakhale wabwera chimanjamanja. Iwo amene analawa kusalidwa adziwa kukoma kwache kwa ichi. Chachitatu, chiweto chichotsa mantha a usiku. Mai wogona yekha ndi ana ang'ono agona tulo podziwa kuti pakhonde pali makutu osagona. Chichitikire namondwe wa Freddy m'mwezi wa March 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika kuphiri ndi kukokolola nyumba za kwa Ntauchira m'Boma lathu lino, ndakomana ndi anthu amene mtima uwagunda mvula ikayamba kugwa usiku. Ndipo kwa otere mpweya wa chamoyo china chogona pafupi suli chinthu chopepuka.

Osamala odwala anazindikira ichi kale. Ku York m'dziko la England, William Tuke anatsegula nyumba ya odwala misala m'chaka cha 1796, m'masiku amene odwala otere anali kumangidwa ndi maunyolo. Pa nyumbayo anaweta akalulu, nkhuku ndi mbalame m'mabwalo, kuti odwala pozisamala adzutse chifundo ndi kudziletsa mwa iwo okha. Florence Nightingale, mai wotchuka pa ntchito ya unamwino, analangiza m'chaka cha 1860 kuti kachiweto kakang'ono kathandiza wodwala nthenda yamgonagona. Ndipo ku New York dotolo wa maganizo a ana, Boris Levinson, anaona mwana wokana kulankhula ndi munthu ali yense alikuyamba kulankhula ndi garu wache wa dotoloyo, dzina lache Jingles. Mwa njira ya garuyo dotolo anafika pa mtima wa mwanayo, nalemba za ichi m'chaka cha 1962.

Kwa ana athu phindu liri lomweli. Mnyamata wopatsidwa nkhunda ziwiri aphunzira kumanga khola, kutunga madzi m'mamawa, kusunga madeya, ndi kudikira mazira kufikira aswe. Aphunziranso kulira maliro ang'ono asanakomane ndi akulu. Koma mwana wololedwa kuponya miyala garu womangidwa, akulu alikuseka, aphunzira kuti kuwawa kwa wopanda mphamvu ndiko masewera. Ndipo phunziro ilo adzapita nalo ku ukwati wache.

5. Tisapitirire muyeso

Pano ndichenjeze, kuti wina angamve molakwa. Garu sali mankhwala. Madotolo a mtima a ku America, a bungwe la American Heart Association, atasanthula nkhani zonsezi m'chaka cha 2013, ananena kuti kukhala ndi garu kuoneka kuti kuyendera pamodzi ndi mtima wolimba, koma analangiza kuti munthu asatenge chiweto chifukwa cha ichi chokha. Pakuti kapena anthu amphamvu kale ndiwo akonda kuweta agaru; ndipo kuwerenga kokha sikutha kulekanitsa bwino chiyambi ndi chotsatira. Potero wakumwa mankhwala a kuthamanga kwa mwazi, a shuga, kapena otalikitsa moyo, amwebe monga anamuuza kuchipatala.

Ndiponso chiweto sichilowa m'malo mwa munthu. Ngati agogo a m'mudzi mwanu alankhula ndi garu yekha mlungu wathunthu, mlandu suli pa iwo kapena pa garu. Uli pa ife amene tipita pa njira osapatuka kukapereka moni. Ndipo wosakhoza kudyetsa chiweto asachitenge, pakuti garu wanjala pa nyumba yanjala aonjezera chisoni.

6. Mdani woononga ubwenziwu, ndiye chiwewe

Sitingathe kuyamika garu ndi kubisa ngozi yache. A bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, awerengera kuti chiwewe chipha anthu ngati 59,000 chaka ndi chaka, makamaka mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onse achitenga kwa garu, ndipo 4 mwa 10 ali onse ali ana osafika zaka 15.

Kachirombo ka chiwewe kakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pa bala, kayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kunka ku ubongo. Ulendowu utenga kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina mlungu umodzi, nthawi zina kufikira chaka. Bala lipola, anthu naiwala. Koma tsiku limene zizindikiro zioneka, kuopa madzi, kubwebweta ndi kutuluka dovu, palibenso dotolo angathe kumpulumutsa munthuyo. Komatu pakati pa kulumidwa ndi kudwala pali mpata, ndipo mu mpata umenewo katemera apambana kachiromboko. Woyamba kuonetsa ichi ndiye Louis Pasteur wa ku France, amene pa 6 July 1885 anabaya katemera mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, wolumidwa ndi garu wachiwewe. Ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo. Chifukwa chache tsiku la 28 September, limene Pasteur anamwalira, liri tsiku lokumbukira nkhondo ya chiwewe pa dziko lonse.

Kwathu kuno, m'chaka cha 2012, madotolo a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anadandaula poyera za kuchuluka kwa ana omwalira ndi chiwewe m'manja mwao. Potsatira pache, m'chaka cha 2015, bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi a boma oyang'anira ziweto anabaya katemera agaru oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20. Ndipo m'chaka cha 2016 ntchitoyo inafika m'maboma a Zomba ndi Chiradzulu, katemerayo ali waulere. Nzeru yache ndi iyi: pakabayidwa agaru 7 mwa 10 ali onse a m'dera, chaka ndi chaka, nthendayo isowa podumphira, nizima monga moto wolusa uzima pofika pa malo opsereza kale. Kupha agaru sikuthetsa chiwewe, pakuti m'malo mwa ophedwa mulowa ena osabayidwa. Garu wobayidwa ndiye linga la mudzi.

Tsono sungani malangizo awa, ndi kuwaphunzitsa ana:

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi garu kapena mphaka, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda, mphindi 15 zathunthu.

Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, lingakhale bala liri laling'ono. Ndipo atsirize jakisoni zonse pa masiku amene amuuza.

Musapake pa bala tsabola, phulusa, zitsamba kapena ubweya wa garu wotentha, monga achita ena. Izi sizipha kachiromboko, zingotaya nthawi.

Garu wolumayo, ngati nkotheka popanda ngozi, atsekeredwe masiku 10, ndipo muuze mlangizi wa ziweto. Koma wolumidwa asadikire masiku amenewo asanapite kuchipatala.

Garu akasintha khalidwe modzidzimutsa, nayamba kuluma mitengo ndi miyala, kapena kugwa chibwano ndi kutuluka dovu, musamgwire, musamtsegule pakamwa kufuna fupa.

Mwana asakalipidwe pobwera kudzanena kuti walumidwa. Pakuti mwana woopa mkwapulo abisa bala, ndipo bala lobisika ndilo lipha.

7. Mangawa athu kwa chiweto

Wofuna mkaka adyetsa ng'ombe. Momwemonso wofuna chitonthozo cha garu ali nao mangawa. Ambiri a ife tidziwa kusamala nkhuku za Mikolongwe, zotchedwa ndi dzina la malo a ziweto a m'Boma lathu lomwe lino. Tizimangira khola, tizifunira katemera wa chitopa. Nanga garu amene azilonda usiku timuiwala bwanji?

Apatsidwe chakudya chache tsiku ndi tsiku, nsima ya mgaiwa kapena madeya ophika, pamodzi ndi mitu ya usipa kapena matemba ndi zotsala za ndiwo. Ndipo madzi akhale m'mbale yache nthawi zonse, makamaka m'mwezi wa October. Garu wokhuta saba mazira, ndipo sayendayenda m'midzi ya eni kumene akakomana ndi odwala. Akhale ndi pogona pouma, pa mthunzi. Asatsekeredwe m'kabokosi usana wonse kapena kupatsidwa zoledzeretsa kuti akhale wolusa. Garu wotere aluma mwana wa mwini wache asanalume mbala. Abayidwe katemera wa chiwewe chaka chiri chonse, mphaka yemwe, ndipo chikalata chache chisungidwe pamodzi ndi mabuku a kuchipatala. Funsani alangizi a ziweto za mankhwala a njoka za m'mimba, utitiri ndi nkhupakupa, ndi za kufula kapena kutseka kubala, kuti pasabadwe tiana tosowa wotilera.

Pa ukhondo: garu asanyambite mbale za anthu kapena nkhope za makanda, zonyansa zache zikwiriridwe kutali ndi posewera ana, onse asambe m'manja asanadye, ndipo mai woyembekezera asagwire zonyansa za mphaka, pakuti muli tizirombo tina toopsa kwa mwana wosabadwa. Ana aphunzire kusaputa garu pakudya, pogona, kapena poyamwitsa. Ndipo akakomana ndi garu wachilendo asathawe, koma aime chiriri ngati mtengo, manja ali pathupi, kufikira apite.

8. Za kunenera anthu ufiti

Ndibwerere tsopano kwa agogo aja. Mphaka ayenda usiku chifukwa makoswe ayenda usiku. Maso ache awala chifukwa analengedwa kuti aone mumdima. Ubweya wakuda uli monga nthenga zakuda za nkhuku. Nkhalamba ilankhula ndi garu chifukwa pakamwa pa munthu sipanapangidwe kuti pakhale chete. M'zonsezi mulibe ufiti. Ndipo dziwani kuti lamulo la chaka cha 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti m'dziko muno, ndi kuti kuchitira chiweto nkhanza kuli mlandu pa malamulo a boma. Mwana akadwala, njira ndiyo ya kuchipatala, si ya ku nyumba ya wamasiye ndi miyala m'manja.

Mwana uja anapezeka ndi malungo, nachira. Amai a m'mudzimo, atachita manyazi, anapangana kupita kwa agogowo mosinthana, wina kukatunga madzi, wina kukasinja. Patapita mwezi, mmodzi wa anyamata oponya miyala aja anadza ndi amalume ache kudzapepesa, atanyamula kamwana ka garu m'dengu. Agogowo anakayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Pamenepo anati, Mwanawe, kabweretse kuno, kali ndi njala. Ndipo anadzuka kukasonkha moto. Anakhala ndi moyo zaka zina zingapo, ndipo pa tsiku la katemera mnyamata yemweyo ndiye anali kutsogolera garuyo pa chingwe.

Mafunso a pa phunziroli

1. Kodi manda a ku Oberkassel atiphunzitsa chiani za anthu akale ndi agaru ao?
2. Pa kuwerenga kwa ku Sweden, ndi anthu otani anapindula koposa, ndipo chifukwa ninji?
3. Tchulani njira zitatu zimene chiweto chithandiza nazo munthu wachisoni.
4. Mwana akalumidwa ndi garu, muchitenji poyamba, ndipo kwa mphindi zingati?
5. Chifukwa ninji kubaya agaru katemera kuposa kuwapha?
6. M'mudzi mwanu ndani akhala yekha, ndipo munapita liti kukamuona?

Funso lotsirizali musaliyankhe ndi pakamwa. Muliyankhe ndi mapazi mlungu uno usanathe. Owerenga awerengere osadziwa kuwerenga, ndi aphunzitsi a m'midzi abwereze gawo la chiwewe kwa ana a sukulu kufikira aliloweza.

Tsalani bwino nonse.

Ine mnzanu,
Mphunzitsi wa pa Chiradzulu Boma